Kodi ndalandira chizindikiro cha chilombo osadziwa? Yankho kwa mayi wa ku Dómuè

Mayi wina wa ku Dómuè, m'boma la Angónia, wafunsa motere: "Ndinabatizidwa ndili mtsikana ndipo ndili m'bungwe la amayi kumpingo kwathu. Chaka chatha mwana wanga atadwala kwambiri ndinapita naye kwa sing'anga woombeza. Ndinalapa, koma mtima sukukhala pansi. Tsopano pa WhatsApp pakuyenda mawu a mlaliki wina wonena kuti aliyense amene anadinda zala potenga chitupa cha BI, amene anabayitsa katemera wa Covid, ndi amene amasunga ndalama pa M-Pesa walandira kale 666. Watchulanso tsiku limene Yesu adzabwere. Amuna anga akuti chaka chino tisagule feteleza. Kodi ine ndine wopulumuka, kapena ndatayika kale?"

Mayi, feteleza gulani, ndipo mizere ikhale itatha mvula isanagwe. Ndayambira pamenepa chifukwa ndi pokhapo pamene sipangadikire. Mpingo wa ku Tesalonika unakumana ndi zofanana ndi zanu: kunamveka uthenga, wina wake wonamizira kuti wachokera kwa Paulo, wonena kuti tsiku la Ambuye lafika kale. Paulo anawalembera kuti asagwedezeke mtima msanga, kaya uthengawo wabwera ngati ulosi, ngati mawu apakamwa, kapena ngati kalata (2 Atesalonika 2:1-3). M'kalata yomweyo analamula kuti aliyense agwire ntchito mwachete, adye chakudya chodzipezera yekha (3:10-12). Mtumwi amene ankayembekeza kubwera kwa Yesu ndi mtima wonse ndiye anauza anthu kuti abwerere kuntchito.

Za tsikulo, Yesu ananena kuti palibe amene alidziwa, angelo omwe salidziwa, koma Atate okha (Mateyu 24:36, Marko 13:32). Alaliki ena amazembera vesili ponena kuti tsiku ndi ora n'zobisikadi, koma mwezi ndi chaka tingawerengere. Machitidwe 1:7 amatseka mpata umenewo, chifukwa pamenepo Yesu akuti si kwa ife kudziwa nthawi kapena nyengo zimene Atate anaziika mu ulamuliro wawo.

Ndi bwino mudziwe mmene masamu a anthu otchula tsiku amapangidwira, chifukwa njira yake imakhala imodzimodzi. Munthu amatenga nambala imodzi ya m'buku la Danieli kapena Chivumbulutso, n'kunena kuti tsiku lililonse likuimira chaka, n'kusankha yekha chaka choyambira kuwerenga. William Miller wa ku America anatenga masiku 2,300 a pa Danieli 8:14, nayamba kuwerenga kuchokera mu 457 Yesu asanabadwe, ndipo omutsatira anadikira pa 22 Okutobala 1844. Ena mwa iwo anasiya mbewu m'minda osakolola. Kufupi ndi kwathu kuno, Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi m'dera la Nkhata Bay mu 1908 ndi 1909 akulalikira kuti mapeto adzafika mu 1914. Harold Camping anafalitsa pa wailesi tsiku la 21 Meyi 2011. Pofooka pa masamu onsewa ndi poyambira paja: mukasuntha chaka choyambira, yankho lonse limasuntha, ndipo Baibulo silinatchule chaka choyambira chowerengera kubwera kwa Ambuye. Nthawi zina mapeto ake amakhala maliro. Ku Kanungu, m'dziko la Uganda, pa 17 Malichi 2000 anthu mazanamazana anapsera m'nyumba yopemphereramo ya gulu limene linkalengeza kutha kwa dziko. Ku Shakahola, ku Kenya, kuyambira mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya mpaka akaone Yesu. Deuteronomo 18:22 amapereka muyeso wosavuta: mneneri akanena m'dzina la Yehova, chinthucho n'kusachitika, mawuwo sanali a Yehova, ndipo musamuope.

Tsopano tibwere pa 666, nambala ya chilombo ya pa Chivumbulutso 13, pamene pagona mantha anu ambiri.

Chivumbulutso ndi kalata, ndipo kalata imakhala ndi eni ake. Yohane anailemba ali pa chilumba cha Patmo, ndipo ambiri amaika kulembedwa kwake cha m'ma 95, nthawi ya mfumu Domitian. Inapita ku mipingo isanu ndi iwiri ya m'dera limene lero ndi Turkey: Efeso, Smurna, Pergamo, Tiyatira, Sarde, Filadelfeya ndi Laodikaya. Vesi lachitatu la bukuli likuti ngodala amene awerenga ndi amene akumva, nasunga zolembedwamo. Ndiye kuti anthu a ku Smurna ankatha kumva zimene ankawerengeredwa, n'kuzisunga. Tanthauzo lililonse limene likanakhala lopanda pake kwa iwo mpaka kutulukira kwa foni ndi makina ojambula zala liyenera kukayikiridwa. Funso loyamba powerenga ulosi ndi lakuti: amene anayamba kuumva anamva chiyani?

Iwo ankakhala pansi pa ufumu wa Roma umene unkafuna kuti mfumu ilemekezedwe ngati mulungu. Ku Pergamo kunali kachisi wa mfumu Augustus, ndipo mumzinda womwewo ndi mmene Antipa anaphedwera chifukwa cha umboni wake (Chivumbulutso 2:13). Cha m'ma 112, bwanamkubwa wina wa Chiroma dzina lake Pliny analembera mfumu Trajan kufotokoza mmene ankayesera anthu oganiziridwa kuti ndi Akhristu: ankawauza kuti afukize lubani ndi kuthira vinyo pamaso pa fano la mfumu, n'kutukwana Khristu. Wochita zimenezo ankamasulidwa. Mu 250, mfumu Decius inalamula kuti anthu onse apereke nsembe kwa milungu, ndipo wopereka ankalandira kachikalata kotsimikizira kuti wachitadi. Onani kusiyana kwake, mayi. Kachikalata kaja kankachitira umboni kuti munthu wagwadira milungu ina. BI yanu imachitira umboni dzina lanu, tsiku limene munabadwa, mayina a makolo anu ndi dziko lanu. Palibe amene anakufunsani za Yesu pamene munkadinda zala.

Werengani Chivumbulutso 13:11-18 ndi 14:9-11 pang'onopang'ono, muwerenge kuti mawu oti kulambira akubwera kangati. Chizindikiro sichiyenda chokha: chimabwera limodzi ndi kulambira chilombo ndi fano lake. Kunena za dzanja ndi mphumi n'kochokera ku Deuteronomo 6:8, pamene Aisraeli anauzidwa kumanga malamulo a Mulungu padzanja ndi pakati pa maso, kusonyeza kuti zochita ndi zoganiza zawo ndi za Yehova. Chilombo chikutsanzira zimenezo, chikufuna manja ndi maganizo a munthu. Kuteroko sikuchitika munthu ali pamzere wa kuchipatala kudikira jakisoni. Kumafuna kusankha ndi maso otseguka.

Nanga nambalayo? Chivumbulutso 13:18 chikuti ndi nambala ya munthu. Chigiriki ndi Chihebri zinalibe manambala apadera ngati athuwa. Zilembo zomwezo ndi zimene zinkaimira manambala, motero dzina lililonse linali ndi chiwerengero chake. Dzina la Nero Kaisara, amene analamulira kuyambira mu 54 mpaka 68 ndipo anapha Akhristu mwankhanza mzinda wa Roma utapsa mu 64, likalembedwa m'zilembo za Chihebri limakwana 666. Mukachotsa chilembo n cha kumapeto kwa Neron, chimene chimaimira 50, kuti dzinalo limveke Nero monga mmene ankalitchulira m'Chilatini, pamatsala 616, ndipo mipukutu ina yakale kwambiri ya Chivumbulutso ili ndi 616. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amaona Nero pamenepa, monga chithunzi cha wolamulira aliyense wofuna kupembedzedwa. Ena amati 6 ndi nambala yoperewera pa 7, nambala ya kukwanira, ndipo kuibwereza katatu n'kusonyeza wodziyesa mulungu amene walephera kotheratu. Enanso amayembekeza kuti kutsogolo kudzabwera wolamulira womaliza wotere. Maganizo atatuwa angathe kukhalira pamodzi. Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, analemba cha m'ma 180 kuti mayina ambiri angakwane 666, ndipo n'kwabwino kudikira kukwaniritsidwa kwake kusiyana ndi kulotera mayina. Chenjezo limenelo likadali lothandiza.

Pa chilichonse chimene anthu akuchitcha chizindikiro, dzifunseni funso limodzi: kuti ndilandire ichi, akundiuza kuti ndikane Yesu kapena ndigwadire wina? Ngati ayi, si chimenecho. Yosefe ndi Mariya anapita kukalembetsa m'kaundula wa Kaisara Augustus, ndipo m'ulendo womwewo ndi mmene Mpulumutsi anabadwira (Luka 2:1-7). Yesu anawauza kuti amuonetse ndalama yokhala ndi nkhope ya Kaisara, nati za Kaisara zipite kwa Kaisara, za Mulungu kwa Mulungu (Mateyu 22:19-21). Kutaya chitupa chifukwa cha mantha kumangokuvutitsani ku banki, polembetsa nambala ya foni, ndi pa malire ngati a Calómuè, popanda phindu lililonse lauzimu.

Pali chizindikiro china m'buku lomweli chimene alaliki oopseza satchula kawirikawiri. Pa Chivumbulutso 7:3 akapolo a Mulungu akusindikizidwa chizindikiro pamphumi, ndipo pa 14:1 dzina la Mwanawankhosa ndi la Atate wake lalembedwa pamphumi pawo. Paulo akufotokoza pa Aefeso 1:13-14 kuti pamene munamva Uthenga Wabwino n'kukhulupirira, munasindikizidwa chizindikiro cha Mzimu Woyera, amene ndi chikole cha cholowa chathu. Chikole mumachidziwa. Mnyamata akapereka chikole, mudzi umadziwa kuti mtsikanayo ali ndi mwini mawu, ndipo woperekayo wadzimanga kuti adzabweranso kudzamaliza zimene anayamba. Anthu amatha kuswa pangano lotere. Mulungu sanama. M'Chivumbulutso monse simupezeka munthu wonyamula zizindikiro zonse ziwiri.

Apa tafika pa funso lenileni, chifukwa ndikuona kuti mawu a pa foni aja anakupezani muli kale ndi bala la kwa sing'anga. Munthu wotsimikiza za chikhululukiro sagwedezeka kwambiri ndi nkhani ya 666. Wa mtima wodziimba mlandu ndiye amamva ngati mlaliki akunena za iye.

Chitsimikizo cha chipulumutso chili ndi magwero atatu, ndipo dongosolo lake n'lofunika. Loyamba ndi lonjezo la Mulungu lozikika pa zimene Khristu anachita pamtanda. Ili lili kunja kwa inu, silisintha ndi mmene mwadzukira. Lachiwiri ndi umboni wa Mzimu mumtima kuti ndinu mwana wa Mulungu (Aroma 8:15-16). Lachitatu ndi zipatso za moyo wosinthika. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti munthu amayambira kumapeto. Amayang'ana zipatso zake, n'kuona kuti n'zochepa. Amafufuza mumtima, n'kupeza muli zii. Kenako amagamula kuti lonjezo silimukhudza. Nyumba simuyamba ndi denga. Yambani ndi zimene Yesu ananena.

Pa Yohane 5:24 akuti wakumva mawu ake ndi kukhulupirira Amene anamtuma ali nawo moyo wosatha, salowa m'kuweruzidwa, wachoka kale mu imfa n'kulowa m'moyo. Taonani nthawi ya mawuwo: ali nawo, wachoka kale. Pa Yohane 6:37 akuti wobwera kwa Iye sadzamutaya kunja. Pa Yohane 10:28-29 nkhosa zake zili m'dzanja lake ndi m'dzanja la Atate, ndipo palibe wozikwatula. Yohane analemba kalata yake yoyamba ndi cholinga chimene anachitchula yekha: kuti okhulupirira dzina la Mwana wa Mulungu adziwe kuti ali nawo moyo wosatha (1 Yohane 5:13). Kudziwa kumeneku si kudzikuza, chifukwa simukudalira ubwino wanu. Mwapulumutsidwa mwa chisomo, mwa chikhulupiriro, osati ndi ntchito (Aefeso 2:8-9).

Za kuombeza sindikunyengererani. Linali tchimo, ndipo Deuteronomo 18:10-12 amaletsa poyera. Kumwa mankhwala a zitsamba ochiza chifuwa kapena m'mimba n'kwina. Kukafunsa mizimu kuti iulule amene walodza mwana n'kwina. Koma ndinu mayi amene anaona mwana akuthawa m'manja, ndipo Mulungu adziwa mapangidwe athu, akumbukira kuti ndife fumbi (Masalimo 103:14). Pa 1 Yohane 1:9 akuti tikavomereza machimo athu, Iye ali wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira ndi kutisambitsa kutichotsera chosalungama chilichonse. Mawu oti wolungama muwagwiritse. Mulungu sakukhululukirani chifukwa tsikulo wangomva chisoni. Akukhululukira chifukwa mlanduwo unalipidwa kale, ndipo woweruza wolungama salipiritsa mlandu umodzi kawiri. Petro anakana Yesu katatu, mpaka kulumbira ndi kutemberera, ndipo anachita izi akudziwa bwino lomwe. Yesu atauka anamufunafuna, namupatsanso nkhosa zake kuti aziwete (Yohane 21:15-17).

Kulapa kwenikweni kumakhala ndi manja. Ngati m'chiuno, m'khosi kapena pamkono pa mwana pakadali chithumwa kapena mkuzi wochokera kumeneko, chotsani. Ngati anakupatsani zokwirira pakhomo kapena zopachika padenga, chotsaninso, ndipo ngati mukuopa kuchita nokha itanani mkulu wa mpingo ndi mayi mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro. Ngati kuombezako kunatchula munthu wina kuti ndi mfiti ndipo inu munamuda kapena kumunenera, pitani mukapepese. Mbali imeneyi ambiri amaidumpha, ndipo nthawi zambiri ndi imene imachititsa kuti mtima usakhale pansi. Kambiranani ndi abusa kapena ansembe monga mwa dongosolo la mpingo wanu. Akakupatsani chilango, chilandireni ngati mankhwala, chifukwa chilango cha mpingo cholinga chake n'kubweza munthu. Nthawi ikakwana bwererani ku Mgonero wa Ambuye. Kudzipatula pa gome chaka ndi chaka chifukwa chodziona wosayenera kumakulitsa mantha.

Mukachita zonsezi, liwu lokutsutsani lingapitirirebe. Phunzirani kusiyanitsa. Mzimu Woyera akatsutsa, amatchula tchimo lenileni, amakulozerani kwa Khristu, ndipo mukalapa nkhaniyo imatha. Satana, woneneza abale amene Chivumbulutso 12:10 chimamutchula, amabwereza mlandu wothedwa kale, usana ndi usiku, n'kukuuzani kuti kupemphera n'kutaya nthawi. Mtima ukamatitsutsa, Mulungu ndi wamkulu kuposa mtima wathu (1 Yohane 3:20).

Pali mavesi olimba amene mwina mwawamva, ndipo sitiyenera kuwabisa. Ahebri 6:4-6 ndi 10:26-29 akuchenjeza anthu amene, atadziwa choonadi, akutembenukira Khristu msana mwadala, kupondereza Mwana wa Mulungu ndi kuyesa mwazi wake chinthu wamba. Kuchitira mwano Mzimu Woyera pa Marko 3:28-30 kunanenedwa kwa alembi amene anaona ntchito za Yesu ndi maso awo n'kunena kuti ndi za Belezebule, mkulu wa ziwanda. Anthu otere salira usiku kufuna chikhululukiro. Chisoni chanu ndi njala yanu yofuna kukhala bwino ndi Mulungu ndi umboni wakuti simuli m'gulu limenelo. Palinso Mateyu 7:21-23, pamene Yesu adzauza ena kuti sanawadziwe konse. Werengani zimene iwo akudzitetezera nazo: tinanenera, tinatulutsa ziwanda, tinachita zamphamvu m'dzina lanu. Akudalira mphatso zawo, koma moyo wawo ndi wosayeruzika. Zipatso zimene Yohane amatiuza kuyang'ana sizioneka ngati zazikulu: kuvomereza kuti Yesu ndiye Khristu, kusakhazikika mu tchimo mwamtendere, ndi kukonda abale ndi zochita (1 Yohane 3:14-18). Muziyang'ana kumene moyo wanu ukulowera pa zaka, osati mmene sabata imodzi yayendera.

Mipingo ya kuno ku Tete siphunzitsa chimodzimodzi pa funso lakuti wokhulupirira weniweni angatayike. Ya Chireformed, monga Igreja Reformada em Moçambique, imatsata chiphunzitso cha msonkhano wa ku Dort wa 1618 mpaka 1619 chakuti Mulungu amasunga ake mpaka mapeto, ngakhale atagwa koopsa. Ya Chipentekoste yambiri imati munthu angathe kusiya chikhulupiriro mwa kufuna kwake n'kutayika. Mpingo wa Katolika, kutsatira msonkhano wa ku Trent, umaphunzitsa chiyembekezo cholimba pa chifundo cha Mulungu, ndi kubwerera ku chisomo mwa sakramenti la kulapa. Ine ndimaona kuti Yohane 10 ndi Aroma 8:38-39 akulemera kumbali ya kusungidwa ndi Mulungu. Koma chofunika kwa inu lero n'chakuti pa ziphunzitso zitatuzi palibe chimene chimati munthu angataye chipulumutso mwangozi, kudzera m'jakisoni, m'chitupa kapena m'foni, kapenanso kuti wolapa moona angakanidwe.

Mwina amuna anu anena kuti zizindikiro za mapeto zachuluka: nkhondo, njala, miliri, madzi osefukira. Zoona, ndipo anthu a kuno aziona ndi maso. Nkhondo imene inatha mu 1992 inathamangitsira mabanja ambiri a ku Angónia ndi Tsangano ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Koma werengani Mateyu 24:6-8 mpaka kumapeto kwa chiganizo: mudzamva za nkhondo, musadere nkhawa, chitsiriziro sichinafike, izi ndi chiyambi cha zowawa. Mawu ake ndi a zowawa za kubereka, ndipo inu amayi mukudziwa kuti zimatsimikiza kuti mwana akubwera koma sizitchula ora. Gawo lalikulu la mutuwo likuyankha funso la ophunzira lonena za kugwetsedwa kwa kachisi, zimene zinachitika mu 70 pamene ankhondo a Roma motsogozedwa ndi Titus anawononga Yerusalemu. N'chifukwa chake vesi 16 likuuza a ku Yudeya kuti athawire kumapiri. Masiku otsiriza, m'kalankhulidwe ka atumwi, anayamba kale pa Pentekoste (Machitidwe 2:16-17, Ahebri 1:2), ndipo Yohane analemba kuti okana Khristu ambiri analipo kale m'masiku ake (1 Yohane 2:18).

Za mkwatulo, kutengedwa kwa okhulupirira kukakumana ndi Ambuye, ndi zaka 1,000 za pa Chivumbulutso 20 Akhristu okhulupirika amasiyana: ena amati Yesu adzabwera zakazo zisanayambe, ena zitatha, ena amati zikuimira nthawi ino imene Khristu akulamulira ali kumwamba. Chiphunzitso chakuti mpingo udzatengedwa mwachinsinsi chisautso chisanayambe chinafalitsidwa ndi John Nelson Darby m'zaka za m'ma 1830. Musalole kuti wina akuyeseni chikhristu chanu ndi zimenezi. Ndime imene amaigwiritsa ntchito kwambiri, 1 Atesalonika 4:13-18, inalembedwera anthu olira maliro, ndipo imatha ndi mawu akuti tonthozanani. A 144,000 nawo asakuopseni ngati kuti malo adzaza: ndi 12 kuchulukitsa ndi 12 kuchulukitsa ndi 1,000. Yohane anamva nambalayo pa Chivumbulutso 7:4, ndipo pa 7:9 anaona khamu losawerengeka la mitundu yonse ndi manenedwe onse, Chichewa chomwe.

Amuna anu musawatsutse pagulu. Sankhani madzulo mutatha kudya, muwapemphe kuti muwerengere limodzi Mateyu 24:36-46. Pa vesi 45 ndi 46 kapolo wodala ndi amene mbuye wake pobwera adzamupeza akupatsa a m'nyumba chakudya pa nthawi yake. Afunseni modekha kuti tsiku lija likadutsa, ana adzadya chiyani mu Febuluwale. Lembani tsiku la mlalikiyo papepala, mulisunge m'Baibulo, kuti likapita pasakhale wonena kuti sanatero. Mawuwo musatumizire wina aliyense, ndipo ngati akutsagana ndi pempho la ndalama kapena lamulo loti mugulitse ziweto, musiye mankhwala a kuchipatala, kapena ana asiye sukulu, dziwitsani akulu a mpingo wanu sabata yomwe ino. Ngati mantha akukulepheretsani kugona ndi kudya kwa masabata angapo ngakhale mwachita zonsezi, pitaninso kuchipatala mukafotokoze, chifukwa nkhawa yotere imakhalanso matenda ochizika. Ndipo kwa mwezi umodzi, m'mawa uliwonse musanatsegule foni, werengani mokweza Aroma 8:31-39, mukuika dzina lanu paliponse pamene palembedwa kuti ife.